Chiswe Chimene Ndinalowa Nacho kwa a Mbewe

Mpaka lero ndikamva fungo la palafini ndimadzuka pampando n'kuyamba kusisita mikono. Adzukulu anga amati ndi ukalamba. Si ukalamba ayi. Ndi a Mbewe a ku Matero ku Lusaka, mipando yawo iwiri, ndi uchitsiru wanga umene unatsala pang'ono kunditayitsa mkazi ndisanamukwatire n'komwe.

Ndiyambe ndi matenda anga. Masiku amenewo, nthawi ya Chitaganya azungu asanalongedze, mnyamata aliyense wa pantchito anali ndi chake chomuzunguza mutu. Wina mowa, wina njinga, wina mbale za galamafoni. Ine anali mawotchi. Ndinkasita zovala pamalo ena ochapira m'tauni, ndipo ndinazindikira kuti shati ya mzungu imayamba kutha kumkono wa kumanzere, pamene imakhulana ndi wotchi. Anzanga akaona mkono wothetheka ankadandaula kuti tisamale posita. Ine ndinkachita nsanje. Ndinkafuna kuti shati yanganso ithe motero.

Mawotchi anga sanali a m'sitolo za azungu zija tinkagulira pawindo. Ndinkawapeza kwa Che Saidi, Myao wina amene ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Kamwala. Amene eniake anawasiya osabweranso ndiwo ankagwera ife. Onse anali opukusa pamanja m'mawa uliwonse, ndipo ukaiwala amakukwiyira. Pofika chaka chimene ndikunenachi ndinali nawo anayi, aliyense ndi dzina lake. Panali Kapitawo, yaikulu ngati chivindikiro cha chitini cha polishi, yolira mwakuti wogona chipinda china ankaimva. Panali Nkhalamba, imene inkatsalira m'mbuyo tsiku lililonse. Panali Waulesi, imene inkaima nthawi iliyonse ikafuna mpaka uigwedeze. Ndiye panali Dona. Kameneka kanali kakang'ono, kooneka ngati golide (unali utoto chabe, ndinkadziwa, koma musandiuze), manambala ake owala mumdima. Dona ndinkamuvala Lamlungu lokha.

Tsono kutchalitchi ndinaona Esinati. Ankaimba kwaya, ndipo akaseka ankabisa pakamwa ndi buku la nyimbo. Makolo ake anali kwawo ku Dedza. Iye analeredwa ku Matero ndi malume ake, a Mbewe, kalipentala wodziwika komanso mkulu wa mpingo. Mwini mbumba anali iwowo. Akati ayi, nkhani yathera pomwepo, ngakhale mayi ake omubereka sakanaitsegulanso.

Tsiku lokaonekera litayandikira, Esinati anandiimitsa kuseri kwa tchalitchi, nkhope ilibe nthabwala.

"Imwe, mvelani bwino," anatero. "Ba malume na nkoloko sivimvana." (Ku Lusaka wotchi timati nkoloko.) "Kunabwela wina wa ku njanji kufuna sisi wanga. Ba malume bali mkati mokamba, uja ayangana pa nkoloko yake. Kamozi chabe. Ba malume banaima, batsegula chitseko, bati, 'Tisakuchedwetseni.' Nkhani inasila pamene apo."

"Kamodzi kokha?"

"Kamozi. Bamati munthu woyangana nkoloko pamaso pa bakulu akuuza kuti ukumutayila nthawi. Manje imwe na matenda yanu aya, musabwele nayo. Olo imozi."

Ndinalumbira. Ndipo ndikunena zoona, ndinalumbira ndi mtima wonse.

Nkhoswe yanga anali baTembo, mnzawo wa malemu bambo anga. Anagwira ntchito zaka zambiri kophwanya miyala, ndipo kuphulika kwa kumeneko kunawagonthetsa khutu limodzi n'kusiya linalo likugwira mwa apo ndi apo. Anandibwereka jekete yawo yakuda, yaubweya, yolemera ngati bulangete, nandipatsa malamulo.

"Iwe nchito yako ni kunkhala chabe. Mutu pansi, kamwa kotseka. Mkamwini sakamba. Ukafuna kukamba, ukambila muli ine. Ukafuna kutsokomola, uyambe wanipempha."

Lamlungu lokaonekeralo m'mawa ndinapukusa mawotchi anga onse, n'kuwagoneka pakansalu kawo m'chitini cha mabisiketi, n'kuwatsanzika. Ndinkakhala ku Kanyama m'kachipinda ka dothi, chitseko chomanga ndi waya. Ndikumanga wayayo, mayi wina woyandikana nane, amene ankafulula mowa, anadutsa akuthamanga ndi chigubu pamutu.

"Bapolisi!" anatero osaima. "Bayambila kuja ku mpopi, bangena nyumba na nyumba!"

Apolisiwo ankafuna mowa ndi anthu opanda chitupa. Mowa ndinalibe, chitupa ndinali nacho. Koma taganizani inuyo. Wapolisi wa nthawi imeneyo akankha chitseko cha wosita zovala, atsegula chitini, apeza mawotchi anayi. Munthu wakuda, nyumba ya dothi, mawotchi anayi. Mukanamuuza kuti chiyani? Kuti mumangowakonda? Mawotchiwo akanapita, ine n'kuwatsatira, ndipo a Mbewe akanamva kuti mkamwini wawo sanabwere chifukwa ali m'chitokosi pa mlandu wakuba.

Munthu wanzeru akanawakwirira pansi. Ine ndinaganiza za fumbi. Akanawaika m'thumba. Ine ndinaganiza zoti magalasi akandana. Akanawasiya kwa mnansi, koma mnansi wanga ndi uja anali kuthamanga ndi chigubu. Ndiye ndinavula jekete, n'kupinda shati, n'kuwamanga onse anayi m'mikono, awiri uku awiri uku, m'mwamba pafupi ndi chigongono pamene sangaoneke. Ndinakoka malamba mpaka bowo lomaliza kuti asatsetsereke. Lamba wa Dona anali wamfupi, sanakwane, ndiye ndinalumikiza ndi kachingwe kosokera thumba la shuga. Nditavala jekete ndinadziyang'ana. Panalibe chooneka. Ndinadziyamikira kuti ndine mnyamata wochenjera.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene anakhalako ku Lusaka akudziwa kuti mwezi umenewo ngakhale agalu sauwa. Kuchokera ku Kanyama kukafika ku Matero tinayenda wapansi, baTembo patsogolo, ine pambuyo m'bulangete lawo lija. Tisanafike pakati pa ulendo thukuta linali kuyenderera m'mikono, ndipo zala zinayamba kuchita nyerere. Ndinati zitha.

Nyumba ya a Mbewe inali ya kanselo ngati zinzake zonse, koma mkati munali mwina. Pansi posalala, popaka polishi wofiira. Tebulo pakati, ndi mipando inayi yonyezimira imene anapanga okha. A Mbewe anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, pensulo pakhutu ngakhale linali Lamlungu. Akazi awo, Anabanda, anagwada pakhomo la kuchipinda n'kutilonjera. Kuseri kwa katani ya pakhomopo ndinaona zala za kumapazi zimene ndinazidziwa.

"Khalani apa, alendo," anatero a Mbewe, akundilozera mpando wa pafupi ndi windo. Anausisita pamsana ngati mwana. "Mlombwa uwu. Kuno mumati mukwa. Mudzafa inu, adzafa ana anu, mpando uwu ulipo. Chiswe chikaufika chimabwerera."

Ndinawomba m'manja mwaulemu. Manjawo analira ngati nsalu yonyowa, chifukwa zala zinali zitayamba kale kusandimvera, koma palibe anaona.

A Mbewe anati tiyambe ndi pemphero. Anapemphera bwino, motalika, anatchula Dedza, anatchula odwala, anatchula alendo. Atati ameni sanatsegule maso msanga. Chinali chizolowezi chawo kukhala kaye chete, kuti mawu akhazikike. M'nyumba munati zii.

Apa ndipo ndinamva.

Che, che, che, che. Kapitawo. Pansi pake Nkhalamba ikutsatira mochedwa, Waulesi ikukoka miyendo, Dona ali nyenyenye pamwamba. Panjira, ndi phokoso la njinga ndi ana, sindinamve kanthu. Muno, pa simenti ndi makoma opanda kanthu, zinali ngati ndalowa ndi kwaya yonse ya nkhululu m'jekete. Mtima wanga unalowa nawo m'nyimboyo.

A Mbewe anatsegula diso limodzi. Anapendeketsa mutu.

"Anabanda, mukumva?"

"Ndikumva kanthu, bambo."

"Ine sinimvela kanthu," anatero baTembo mokondwa.

A Mbewe anadzuka pang'onopang'ono ngati munthu wozemberera nkhuku. Anazungulira tebulo, khutu patsogolo. Anadutsa baTembo. Anafika pa ine n'kuima. Ndinati basi, zathera pano, ndipo ndinayamba kutsanzikana ndi Esinati mumtima. Koma iwo sanandiyang'ane ine. Anagwada, bambo wamkulu, mkulu wa mpingo, n'kugunditsa khutu pa mwendo wa mpando umene ndinakhalapo. Nkhope yawo inagwa.

"Pepani alendo, taimani pang'ono."

Ndinaima n'kusunthira kukhoma, mikono ndikuipanikiza m'nthiti. Anagogoda mwendo wa mpando ndi pensulo, n'kumvetsera. Zii. Anagogodanso. Zii.

"Kochenjera," anatero motsitsa. "Kamva kugogoda, kakhala chete. Chiswe chimatero."

Anandipepesa kawiri, nandikhazika pampando wachiwiri. Woyamba uja anaunyamula kupita nawo panja, akuitana kuti awapatse botolo la palafini. Pawindo ndinkawaona akuuthira m'malumikizo monse, mwendo ndi mwendo, kwinaku akuyang'ana uku ndi uku. Muyenera kumvetsa kuti aphunzitsi ndi makalaliki a ku Matero ankagula mipando kwa iwo chifukwa cha mawu aja oti chiswe chimabwerera. Ndipo tsopano mayi wa nyumba yoyandikana anali ataima pampanda, manja m'chiuno, akuonerera.

Apa ndinati ndiulule zisanafike patali. Ndinaweramira kwa baTembo, kukhutu kwawo kwabwino.

"BaTembo, nili na nkhani."

"Chete iwe."

"Ni yofunika, baTembo."

"Nati chete! Mkamwini sakamba. Ufuna kunichititsa nsoni?"

Ndinayang'ana kukatani kuja. Panali kampata, ndipo m'kampatamo munali diso limodzi la Esinati. Silinkayang'ana nkhope yanga. Linkayang'ana mikono ya jekete. Anali atadziwa kale, ndipo diso limenelo likanakhala mpeni sindikanalemba izi.

A Mbewe anabwerera akununkha palafini, napepesanso, nati nkhani iyambe. BaTembo anakonza pakhosi n'kuyamba bwinobwino, kutchula bambo anga, kwathu, ntchito yanga, kuti sindimwa, kuti sindinamangidwepo. Ankalankhula mokweza monga amachitira ogontha, ndipo ine ndinkapemphera kuti asapume. Koma munthu amapuma. Akangoima kuti ameze malovu, che, che, che. Maso a a Mbewe ankachoka pa baTembo n'kutsikira ku miyendo ya mpando wanga.

Tsono apa ndi pamene mudziwe kuti matenda ndi matenda. Pakati pa mantha onsewo, ukwati wanga uli lende, khutu langa linazindikira kuti mawu atsala atatu. Waulesi waima. Wina aliyense akanathokoza Mulungu kuti phokoso lachepa. Ine thupi linachita lokha zimene linazolowera. Ndinagwedeza phewa kawiri, mwamphamvu, kuti adzuke.

"Kakulumani?" anafunsa a Mbewe, atadzuka kale.

Ndinalibe chilolezo choyankha. Ndinayang'ana baTembo ndi maso opempha.

"Kamuluma, bambo," anatero baTembo motsimikiza. "Naona pamene anadumpha."

Mpando wachiwiri unatuluka. Ulendo uno pampanda panali amayi atatu ndi bambo wina wa njinga amene anaima kuti afunse ngati kwagwa zovuta. A Mbewe atabwerera sanalinso munthu yemwe uja. Thukuta linali kugwa pachibwano, pensulo itagwa osaitola. Anati matabwa amenewo anawagula kwa munthu amene amapemphera naye, ndipo mawa m'mamawa akamuona kuti awauze chimene anawagulitsa. Ndinamva chisoni chenicheni, ndipo ndinachita manyazi. Bambo wosalakwa akanyozedwa mawa, dzina la a Mbewe likuwonongeka pampanda, zonsezi chifukwa cha tizitsulo tinayi ta kwa Che Saidi. Koma ndikaulula, chitseko. Ndikakhala chete, mipando yatsala iwiri ndi tebulo.

"Anabanda, yalani mphasa," anatero a Mbewe ndi mawu otopa. "Alendo atikhululukire. Tione ngati kalowanso m'simenti."

Ndinakhala pamphasa, miyendo yopinda, mutu pansi. Tonse tinakhala chete, ngakhale baTembo, amene tsopano ankaoneka kuti akufuna kumva nawo. Che, che, che, che. Anayi onse, Waulesi atadzukadi.

A Mbewe anayang'ana kudenga. Anayang'ana mphasa. Kenaka, kwa nthawi yoyamba, anayang'ana ine, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

Anabanda ndi amene anadula. "Bambo, alendo ayenda mtunda ndi dzuwa. Ayambe alawa kanthu, zinazi muziona bwino." Analowa kuchipinda n'kubwera ndi beseni ndi jagi ya madzi. Anagwada patsogolo pa baTembo, nawathirira, iwo nasamba. Kenaka anasendera kwa ine ndi maondo, mayi wamkulu, beseni m'dzanja limodzi, jagi m'dzanja lina.

Ndinatambasula mikono kuloza pansi. Kunena zoona ndinaikankha ndi mapewa, chifukwa kuyambira m'chigongono mpaka kuzala inali ngati ya munthu wina. Dzanzi lokhalokha. Madzi ankagwera pa zala ine osawamva. Chimene ndinamva ndi kanthu kakuti phethu m'kati mwa mkono wa kumanja. Kachingwe ka shuga kaja, katamwa thukuta tsiku lonse, kanali katagonja. Ndinaona kachotupa kakutsika m'kati mwa jekete pang'onopang'ono, kudutsa pakati pa mkono, kufika pamapeto.

Chubwi.

Dona anagona chagada pansi pa beseni, akundiyang'ana. Kamuvi kake kakang'ono kanali kakuyendabe. Mawotchi amenewo sankagwirizana ndi madzi ngakhale a mvula yowaza, ndipo ndinkadziwa kuti ndikamuvuula pompo Che Saidi akhoza kumupulumutsa. Mutu wanga unakuwa kuti tola, tola, tola! Ndinatuma dzanja. Dzanja silinapite. Ndinatuma linalo, nalonso linangolendewera pamenepo ngati chikwanje cha eni. Ndinaona kathovu kakutuluka m'mbali mwa galasi. Kamuvi kananjenjemera, n'kuima.

Madzi a m'jagi anali atasiya kutsika.

A Mbewe anabwera, nawerama, napisa zala ziwiri m'beseni. Anamuvuula Dona, namukutumula, namuika pakhutu, namvetsera monga anamvetserera mipando yawo.

"Kamodzi kafa," anatero. "Tina tili kuti?"

BaTembo ndi amene anandivula jekete, chifukwa ndekha sindikanatha. Atapinda shati anapuma mokweza nati, "Mayo!" Anamasula malamba mmodzimmodzi, akusiya mizere yofiira m'mikono, n'kuika mawotchiwo patebulo. Atatu amoyo, mmodzi wakufa. A Mbewe anawayang'ana mosinthanasinthana. Aliyense ankanena nthawi yakeyake.

"Ni vake, bambo, sanabe," anatero baTembo ndi mawu ang'ono. "Ni matenda chabe. Ine sin'nadziwe."

A Mbewe anatembenuka n'kulunjika kuchitseko. Ndinatseka maso. Ndinamva chitseko chikutseguka, ndipo ndinadikira mawu aja Esinati anandiuza kuseri kwa tchalitchi. Kuchipinda kunamveka kamphuno ka munthu amene akulira mobisa. M'moyo wanga wonse sindinadzidepo ngati nthawi imeneyo.

Mawu sanabwere. Nditatsegula maso, pakhomo panalibe munthu. A Mbewe anali panja, atagwada padzuwa, khutu pampando woyamba. Anasamukira pa wachiwiri. Anagogoda, namvetsera, nagogodanso. Kenaka anaimirira n'kutembenukira kumpanda kumene kunali anthu aja.

"Mulibe kanthu!" anakuwa. "Mwamva inu? Mlombwa wanga ulibe kanthu! Chiswe anabwera nacho ndi mlendo, chili patebulo, bwerani mudzachione!"

Ndipo anabweradi, okondedwa. Anasuzumira pakhomo mmodzimmodzi, kuona mawotchi, kuona ine pamphasa mikono ili lende, n'kumapita akugwira m'mimba.

Anthu atabalalika, a Mbewe anakhala pampando umodzi mwa iwiri yotsala. Nkhope inali itabwerera mwakale, koma sinali yoseka.

"A Tembo, ndikupempha kuti mnyamatayu alankhule yekha. Iwe, mwana wanga sanakuuze za ine ndi mawotchi?"

"Anandiuza, bambo."

"Ndiye unati m'malo mwa imodzi ubwere ndi zinayi?"

Ndinafotokoza za apolisi, za chitini, za chitseko cha waya. Za magalasi kukandana sindinanene, nzeru zinali zitayamba kubwerera. Pa nkhani ya apolisi anagwedeza mutu pang'ono, chifukwa panalibe munthu wakuda mu Lusaka amene sankazidziwa. Koma sanafewe.

"Wandigwaditsa pamaso pa alendo. Wandithiritsa palafini mipando iwiri. Mawa ndikanakayambana ndi mnzanga wa mumpingo. Unali ndi pakamwa nthawi yonseyi." Anatola Dona n'kumutembenuza m'manja. "Koma chimodzi sindikumvetsa. Anthu a mawotchi ndimawadziwa, amakonda chitsulo kuposa munthu. Iyi ndi yokongola kuposa zonsezi. Itagwa m'madzi, bwanji sunaitole?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti dzanzi, bambo. Mawuwo anali kale palilime. Anabanda anandipitirira.

"Beseni linali m'manja mwanga, bambo," anatero, akadali chogwada. "Ine ndinali pafupi, ndinaona nkhope yake. Mwana uyu mtima unkamupweteka, misozi inali m'maso. Koma anaona kuti akapisa dzanja mothamanga andithira madzi ine mayi ake. Anangoisiya ife, iye akuyang'ana. Uja wa ku njanji akanadumphira m'beseni ndi nsapato zomwe."

A Mbewe anandiyang'ana. "Ndi zoona?"

Ndinayang'ana pansi. BaTembo anandiuza okha kuti mkamwini sakamba. Tsiku lonse lamulo limenelo linkandizunza, ndiye ndinaona kuti si bwino kuliphwanya pa nthawi yokhayo imene linali kundithandiza.

"Hmm," anatero a Mbewe. Mawotchi atatu ankaimba patebulo poyera. "A Tembo, pitirizani pamene munalekezera."

Chigamulo chinabwera titadya. Dona atsala kwa iwo ngati chindapusa choipitsira dzina la mlombwa wawo. Mipando iwiri ija, poti palibe mphunzitsi angagule mpando wonunkha palafini, idzapita ndi Esinati ku nyumba yake yatsopano. BaTembo anawomba m'manja kuthokoza. Ine ndinayesa, koma magazi anali akubwerera m'zala ngati singano chikwi, ndipo ndinangogundanitsa timikono.

Esinati anandiyankhulanso patapita milungu. Mawu ake oyamba anali akuti, "Zinayi! Ine nakamba olo imozi, imwe mwamvela zinayi?" Tinakwatirana mvula itatha. Mipando ija tinalowa nayo m'nyumba, ndipo palafini wa a Mbewe anali wosaumira. Ana athu oyamba anakula akudziwa kuti mipando yonse ya padziko imanunkha choncho.

Za dzanzi sindinauze munthu. A Mbewe anapita osadziwa, Anabanda anapita akundiyesa mwana waulemu kuposa onse a mu Kanyama, ndipo pa maukwati ankandipereka chitsanzo kwa anyamata ine ndili pomwepo. Esinati adziwa lero akawerenga izi, ndiye ngati simundiona kutchalitchi Lamlungu, mukudziwa chifukwa.

Koma chilango chenicheni sichinali chindapusa. A Mbewe, munthu wodana ndi mawotchi uja, anamugulira Dona lamba watsopano n'kuyamba kumuvala. Sanapite naye kokonzetsa, ankamuvala wakufa choncho, mivi itaima pamene inaimira m'beseni. Ndikapita kukawaona n'kuyamba kufotokoza nkhani yanga, kaya ya kuntchito kaya ya ndale, ankandisiya ndifike pakati penipeni pokoma. Kenaka ankakweza mkono wa shati pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana Dona nthawi yaitali, n'kuusa moyo.

"Tisakuchedwetseni, akamwini."

Anandichita zimenezi mpaka ndinamera imvi, ndipo sanaseke ngakhale kamodzi.

Mwina mukuyembekezera kuti ndinene kuti ndinaleka mawotchi. Chitini cha mabisiketi chinachepa, pano ndi bokosi, ndipo Esinati amati m'chipinda mwathu mumamveka ngati m'dambo nthawi ya dzinja. Maliro a a Mbewe atatha, Anabanda anandiitanira pambali n'kundipatsa Dona atamukulunga m'kampango. Wokonza wina anati akhoza kumudzutsa. Ndinakana.

Ndinamuvala tsiku limene mnyamata woyamba anabwera kudzafunsira mwana wanga wamkazi. Anafika ndi jekete mwezi wotentha, thukuta lili kamukamu, mikono ataipanikiza m'nthiti. Ndinamukhazika pampando wa mlombwa, ndinapemphera motalika, ndipo nditati ameni sindinatsegule maso. Ndinangopendeketsa mutu n'kutchera khutu.